A Wyson Adula Mapapaya

A Wyson Kalumbu ankanena kuti "ndamva" munthu akadali pakati pa mawu. Sankachita mwamwano ayi. Ankavula chipewa, kuweramitsa mutu pang'ono, kugwedeza kawiri, ndipo wolankhulayo akangopuma kuti ameze malovu, iwo n'kuti ndamva, chipewa n'kubwerera kumutu. Mlangizi wa fodya anawauzapo kuti mankhwala a pa nazale asungunule m'keni ya madzi, supuni imodzi yokha. Za keni anazimva, koma za supuni zinanenedwa iwo atakwera kale njinga, ndipo chaka chimenecho mbande anachita kupempha kwa anzawo. Ngakhale kokalapa, bambo mfumu ankachita kuwaitana kuti abwerere adzamve mapemphero oti akanene.

Mkazi wawo, Consolata, anakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri m'mudzi wa kwawo ku Chulu, ndipo nkhaniyi anali ataizolowera. A Wyson ankabwera ndi theka la uthenga, theka linalo iye ankakalitenga yekha. Kamodzi kokha ndi pamene anaiwala kutero, ndipo panali pa nkhani ya moyo wake.

Chakumapeto kwa chaka chatha mimba ya Consolata inayamba kukula. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, mwana wake womaliza, Prosper, ali kale pa ntchito ku Mzuzu, ndipo amayi a ku mjigo anayamba kupereka moni kwa a Wyson ndi ulemu wachilendo. A Wyson sanakane kalikonse. Koma mimbayo sinkagunda, ndipo Consolata ankakhuta atangodya mbamu ziwiri. Ku chipatala cha pa boma anamuunika n'kumutumiza ku mzinda. Kumeneko, mu Malichi, anamuchita opaleshoni n'kuchotsa chotupa chimene chinamera pa thumba la mazira, pamodzi ndi chiberekero chomwe. Feggie, mng'ono wake, amene ankamudikirira, anati anachiona m'beseni ndipo chinali ngati dzungu lobala pa chilala.

Tsiku loti mawa opaleshoni kunabwera namwino wamfupi, dzina lake Goodness, mapepala ali m'manja. Anati pali kafukufuku: amapempha kachidutswa ka chotupa cha mayi aliyense wovomera, kuti akayeze zinthu zina zimene zingasonyeze mmene matendawo adzayendere m'tsogolo. Consolata anati chotupacho alibe nacho ntchito, atenge chonse ngati akufuna. Kenaka namwinoyo anafunsa kuti zotsatira zikatuluka auze ndani. A Wyson anali chilili kumutu kwa bedi, chipewa kumanja, ndipo amayi a pa mabedi oyandikana anasiya kutafuna kuti amve bwino. Consolata anayankha zimene mkazi wolongosoka amayankha pagulu, kuti auze bambowa. Anasaina, anapatsidwa pepala lakelake, ndipo analipinda n'kuliika m'buku la nyimbo.

Tsiku lokamva zotsatira linafika kumapeto kwa Epulo. Bala linali likukokabe, ndipo msewu wochoka ku Chulu kukafika pa boma sukomera munthu wosokedwa pamimba. A Wyson ananyamuka okha ndi kabuku ka kuchipatala. Anabwera mawa lake masana, anakhala pa khonde, anamwa madzi makapu awiri, n'kunena kuti adokotala akuti zonse zili bwino.

"Koma mapapaya ayi," anawonjezera.

"Mapapaya atani?"

"Ayi basi."

M'mawa mwake Consolata anadzutsidwa ndi chikwanje. Kuseri kwa nyumba, kumene madzi a kubafa amatsikira, kunali mitengo isanu ndi iwiri ya mapapaya imene anadzala yekha. A Wyson, pokhala mkamwini, m'zaka zonsezo sanadzalepo mtengo pa malo a mkazi wawo, koma podula sanafunse munthu. Mtengo wa papaya sulimba, mkati mwake ndi mphako, ndipo umagwa ukatemedwa katatu. Mapapaya aawisi anagubuduka mpaka ku khola. Utomoni woyera unawadonthera a Wyson m'mikono, ndipo ankatema akudzikanda. Pofika nthawi ya tiyi panatsala zitsa zisanu ndi ziwiri zikukha madzi, ndipo bafa linkaonekera kuchokera ku njira.

Consolata anaonerera ali pakhomo, dzanja lili pa bala. Ankafuna aone kuti zikathera pati.

Zinakathera kwa a Yobu, oyandikana nawo nyumba, amene mtengo wawo unapendekera mbali ya kuno kwa mpanda. Utagwa, a Yobu anatulukira atanyamula kapu ya tiyi, anauyang'ana mtengowo kuyambira ku tsinde mpaka ku nsonga, n'kufunsa kuti wawalakwira chiyani. A Wyson anati ndi lamulo la adokotala.

"Adokotala a ku mzindawo anautchula mtengo wangawu?" anafunsa a Yobu.

A Wyson anati sanautchule, koma matenda sadziwa mpanda. A Yobu anamaliza tiyi wawo, anakatenga thumba, anatolera mapapaya awo n'kumapita. Pofika Lamlungu mudzi wonse unali utamva kuti papaya amayambitsa khansa. Mayi wina amene ankagulitsa mapapaya pa sitolo anabwerera ndi dengu lodzaza masiku atatu otsatizana, ndipo tsiku lachinayi anapatsa nkhumba. Nkhumbazo anthu anayamba kuziyang'anitsitsa.

Papaya weniweniyo Consolata sankamukonda kwenikweni. Iye ankafuna masamba. Nyama yolimba, kaya ya mbuzi yokalamba kaya ya thadzi losiya kuikira, ankaikulunga m'masamba a papaya ofwanyafwanya kuyambira m'mawa, ndipo pofika masana inkafewa mpaka kulekana ndi fupa. A Wyson, amene mano akumbuyo anawathera kalekale, anakhala zaka zonsezi akudzitama kuti amadziwa kusankha nyama.

Loweruka lotsatira anagula nyama ya mbuzi kuti wodwala abwezeretse magazi. Feggie anaiphika kuyambira dzuwa lili apa mpaka lili apo, nkhuni mtolo wathunthu. Atakhala pansi kuti adye, panamveka nsagwada zokhazokha. A Wyson anatembenuza nthuli yawo tsaya ili, tsaya ilo, n'kuyambiranso.

"Alamu," anatero Feggie, "mbuzi imeneyi munaphunzira nayo sukulu?"

A Wyson anati nyama ya masiku ano ndi choncho, mbuzi zikudya mapepala a pulasitiki. Anatembenukira kumbali, ndipo galu analandira nthuli ija yathunthu. Nayenso anapita nayo patali.

Inali nyengo yosankha fodya. Chigafa chinali chodzaza, masamba atatsitsidwa pa mikangala yoyanikira, ndipo m'mawa uliwonse, fodya akadali wofewa ndi mame, atatuwo ankakhala pansi kugwira ntchito. Diso la pa banjapo linali Consolata. Tsamba ankangolitambasula kamodzi n'kudziwa mulu wake, lofiirira uku, lotuwa uku, lamawanga uko, lalifupi palokha, long'ambika palokha. Feggie ankamanga ndindi, timitolo ta masamba osankhidwa. A Wyson ntchito yawo inali ya mphamvu, kunyamula ndi kudinda mabelo pa jeke, chifukwa kwa iwo fodya yense anali wa mtundu umodzi, wa fodya. Chaka china Consolata atapita ku maliro ku Lukwa iwo anasankha okha, ndipo mabelo awiri anabwezedwa ku okushoni chifukwa chosakaniza.

Chimene Consolata anaona m'masiku amenewo ndi jekete. A Wyson ankavala jekete la ku tchalitchi m'chigafa, dzuwa lili pamutu, akupondereza jeke thukuta lili kamukamu. Kubafa ankapita nalo. Atawafunsa za kabuku ka kuchipatala anati adokotala akasunga, koma m'thumba la pachifuwa munali chinthu cha ngodya zinayi chimene chinkaonekera akawerama. Kawiri foni yawo inalira, iwo anayang'ana nambala, anazungulira kuseri kwa chigafa, ndipo kunamveka "ndamva, ndamva." Pobwera ankati ndi a kampani ya fodya.

Panalinso zina. Anamubweretsera mpando wa m'nyumba kuti asakhale pansi. Anamulanda ndowa m'manja pamaso pa anthu. Akamalankhula naye ankayang'ana pa phewa lake, kapena pa khutu, koma pamimba ayi. Consolata anaziika zonsezi pa mulu umodzi. Munthu amene wauzidwa kuti zonse zili bwino sadula mitengo isanu ndi itatu.

Kulimbana ndi jekete sanafune. Lolemba m'mawa anati msana watopa, akawongole miyendo. Anatenga buku la nyimbo, anabwereka foni ya Feggie, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku mjigo, kumene netiweki imagwira bwino munthu akaima pa simenti. Amayi awiri amene ankatunga madzi anawauza kuti akuimbira Prosper, ndipo anadikira mpaka atasenza ndowa zawo. Pansi pa pepala lija la m'buku panali nambala ya namwino uja, ndipo anaimba.

Goodness anamufunsa dzina, mudzi ndi tsiku la opaleshoni. Kenaka anati akhala akumufuna, chifukwa anayenera kubwera Lachiwiri lapitalo kudzayamba mankhwala.

"Mankhwala ati?"

Namwinoyo anafunsa ngati bambo ali pafupi.

"Ali ku chigafa. Tsiku lija ndinati muuze iwo. Lero ndasintha. Uzani ine, ndipo musadumphe."

Goodness sanadumphe. Anati chotupa chija atachiyeza anapeza kuti ndi khansa. Madokotala anachotsa zonse zimene maso anaona, koma khansa ya mtundu umenewu imasiya timbewu tosaoneka, n'chifukwa chake pambuyo pa opaleshoni pamabwera mankhwala a m'diripi, kasanu ndi kamodzi, pakapita masabata atatu alionse. Amafoola, amachititsa nseru, tsitsi limathothoka. Imeneyo inali nkhani yoyamba, ndipo ikanakhala yomweyo ngakhale pakanapanda kafukufuku.

Yachiwiri inali ya kachidutswa kaja. Anati m'thupi chiwalo chilichonse chili ndi chikutiro chake chochitchinga, ndipo chotupa kuti chifalikire chimayenera kuboola. Ndiye chimatulutsa timadzi tina, iwo amati maenzayimu, timene timasungunula mnofu woyandikana nawo mpaka njira itatseguka. Thupi labwinobwino nalonso lili nato, timathandiza pogaya chakudya ndi popoletsa mabala, koma zotupa zina zimatulutsa tambiri. Kafukufukuyo amayeza kuchuluka kwake.

Consolata anayang'ana madzi amene ankadontha pa mpopi wa mjigo.

"Ngati utomoni wa papaya pa nyama," anatero.

"Eya. Adokotala athu amafotokozera choncho kuti anthu amve msanga."

"Amamvadi msanga. Nanga papaya wakudya?"

"Idyani mayi, ndi wabwino. Chotupa chimapanga wake, sichipempha ku mtengo."

Consolata anati chabwino. Anafunsa ngati chake chinali ndi tambiri, ndipo Goodness anati inde, tambiri. Anafunsa tanthauzo lake. Namwinoyo anayankha mosamala, ngati munthu woyenda pa mizere ya nazale. Anati akatenga amayi ambiri n'kuwagawa, amene zotupa zawo zinali ndi tambiri amaoneka kuti matenda amawabwerera msanga kusiyana ndi anzawo. Si onse. Ena a tambiri amakhala zaka, ena a tochepa amabwerera chaka chisanathe. Kafukufuku sanathe, ndipo palibe amene angatenge nambala imeneyo n'kuuza munthu tsiku lake.

"Ndiye mwandiika pa mulu."

"Pa gulu la amene tikufuna kuwaona pafupipafupi."

"Ndimasankha fodya ine, mwana wanga. Mulu ndimaudziwa. Amene ali pa mulu wangawo, ochedwa mankhwala zimawathera bwanji?"

"Amenewo ndi amene timawataya msanga."

Goodness anati sabata imodzi yapita kale, isapite ina. Lachinayi pali malo, afike Lachitatu kuti amuyeze magazi, abwere ndi womudikirira ndi kabuku. Anayamba kunena zina zolimbikitsa, koma mayunitsi anatha. Consolata anapinda pepala lija, analibwezera m'buku, anapukusa mjigo n'kusamba kumaso. Pobwerera anadutsa pa zitsa zija. Chimodzi chinali chitayamba kale kuphukira m'mbali, timasamba titatu.

Anawapeza a Wyson atagwira chitsulo cha jeke, Feggie akusoka chiguduli. Anakhala pa mpando wake, anatenga tsamba, analitambasula n'kuliika pa mulu wa amawanga. Kenaka anati, bambo a Prosper, tandipatsani kabuku kanga kali m'thumbamo.

A Wyson anati kabuku kali ndi adokotala.

"Ndalankhula ndi Goodness."

Chitsulo chija anachisiya pang'onopang'ono. Anavula chipewa. Feggie anabaya singano pa chiguduli n'kukhala tsonga, chifukwa zoterezi sankafuna kumva kwa anthu ena. A Wyson anapisa m'thumba n'kutulutsa kabukuko, katanyowa ndi thukuta, kakununkha fodya. Pa tsamba lomaliza panali deti lolembedwa ndi inki yofiira, lozunguliridwa kawiri.

Poyamba anati ankafuna anene akamaliza kudinda. Kenaka anati deti analiona, koma madokotala amangolemba madeti, munthu akhoza kupita mu Ogasiti fodya atagulidwa. Consolata anangopitiriza kusankha. Ndiye a Wyson anatchula mkazi wa a Aloysius wa tsidya la dambo, amene anapita ku madiripi omwewo akuyenda yekha, anabwera mutu uli mbee, ndipo anaikidwa mvula isanagwe. Feggie anati mkazi wa a Aloysius anakhala zaka ziwiri akumwa mizu asanapite, ndipo anachita kumunyamula pa ngolo, zoti ankayenda yekha ndi zabodza. A Wyson anati iwo sakulankhula ndi Feggie.

"Adokotala anakuuzani chiyani?" anafunsa Consolata. "Mawu awo."

A Wyson anayang'ana m'chipewa. Anati adokotala anawakhazika pa mpando n'kunena kuti ndi khansa, ndipo ikhoza kubwerera msanga. Atanena zimenezo pakamwa pa adokotalawo pankangoyenda, koma iwo m'makutu munkangolira ngati chigayo. Anafunsa kuti imabwerera bwanji poti anaichotsa, ndipo m'pamene adokotala anatchula za utomoni wa papaya wofewetsa nyama. Mu basi yonse anabwera akuganiza za masamba aja amene ankawaona m'khitchini, zaka zonsezi, nyama itakulungidwa.

"Ndiye munkadziwa za masambawo," anatero Feggie.

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munati ndadzifewetsa ndekha," anatero Consolata.

"Sindinatero. Koma pa zonse anandiuzazo, make Prosper, chimene chikwanje chingafikepo chinali chomwecho."

Consolata anawayang'ana amuna ake, mikono yotupa ndi utomoni, jekete lothimbirira m'khwapa. Anaona kuti akunena zoona, ndipo anaonanso kuti zoonazo zamudyera masiku asanu ndi awiri. Anati wamvetsa. Anati tsopano avule jeketelo asanakomoke, chifukwa alibe mphamvu zonyamula munthu.

Anawauza zonse zimene Goodness ananena, kuyambira pa timbewu tosaoneka mpaka pa mulu, osafewetsa. Anati akunyamuka Lachitatu. A Wyson anafunsa za fodya. Theka la chigafa linali lisanasankhidwe, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa zimene zinachitika chaka cha maliro a ku Lukwa. Consolata anati fodya wosakaniza amabwezedwa, munthu n'kusankhanso. Koma munthu akachedwa mankhwala sabwezedwa.

Madzulo a tsikulo a Wyson anapita kwa a Yobu kukanena kuti lamulo la adokotala lasintha. A Yobu anafunsa ngati mtengo wawo wauzidwa. Anagwirizana kuti mvula ikagwa a Wyson adzadzala iwiri, mbali ya a Yobu. Koma ku mudzi nkhani sinabwerere. Mpaka lero kuli mabanja amene sadya papaya, ndipo ukawafunsa amati anamva kwa adokotala.

Lachiwiri lonse Consolata anaphunzitsa amuna ake kusankha. Milu yake isanu ndi umodzi anaichepetsa kukhala itatu, chifukwa anadziwa kuti kupitirira apo n'kudzinamiza. Anakhoma masamba atatu pa nsanamira, lofiirira, lotuwa ndi lamawanga, n'kuwauza kuti tsamba lililonse aziliyandikiza pamenepo asanaliponye. Limene akukayika aziika pambali, adzaliona iye akabwera pakati pa madiripi. Pofika masana mulu wokayikitsa unali utaposa itatu ija kuphatikiza.

"Ili ndi lotani?" ankafunsa Consolata.

"Lofiirira."

"Yang'ananinso."

"Lotuwa."

"Mawangawo simukuwaona?"

"Ndimayesa ndi dothi."

Feggie anati alamu akewo akanakhala osankha anthu kumwamba, akuba onse akanalowa. A Wyson anati Feggie akanalowa nawo pamenepo, asadandaule.

Nkhani ya womudikirira inavuta pang'ono. A Wyson anati apita ndi iwo, ndi mkazi wawo, ndipo anthu adzati chiyani. Consolata anati anthu anena kale zambiri mwezi uno. Ku wodi ya amayi mwamuna sagona, sachapa zitenje, satengera munthu beseni akamasanza. Apita ndi Feggie. Ndipo akakafika, dzina la pa pepala lija akalisinthitsa, kuti chilichonse chotuluka ku labotale azimuuza iye mwini, m'chipinda, chitseko chotseka. A Wyson anafunsa ngati zimenezo si kuwachotsa ulemu. Consolata anati ulemu wawo ukhala pano, uziyang'anira chigafa.

A Wyson anafunsanso, mawu ali pansi, ngati Prosper auzidwe. Consolata anati amuimbira yekha akakafika ku mzinda, ndipo amuuza zonse, kuti asadzamve theka.

Dzuwa litapendeka analowa m'nyumba n'kutsitsa chikwama cha mizeremizere chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. Anachikung'untha panja, munatuluka fumbi ndi risiti ya feteleza ya zaka zitatu zapitazo. Anaikamo zitenje zinayi, bulangete, sopo wochapira ndi wosambira, kapu, mbale ziwiri, supuni, mtedza wokazinga m'botolo. Beseni silinalowe, anati Feggie adzanyamula pamutu. Anatsegula sutikesi ya zovala za ku tchalitchi n'kutulutsa mipango yonse imene anali nayo, isanu. Anaiyala pa bedi n'kuiyang'ana ngati masamba. Wa maluwa achikasu anaubwezera, chifukwa unkaterereka ngakhale pa mutu wa tsitsi. Inayi inayo anaipinda n'kuika pamwamba.

A Wyson anaima pakhomo la chipinda. Anati alankhula ndi a Sankhani a kabaza, abwera ndi njinga zamoto ziwiri m'mawa, ndipo awauza kuti pa mabampu aziyenda pang'ono. Consolata anati achita bwino. Anawauza kuti nkhuku ya mawanga ikufungatira kuseri kwa nkhokwe, asaiiwale, ndipo bafa alitchinge ndi udzu asanabwere, chifukwa sakufuna kudzasamba mutu wopanda tsitsi anthu a m'njira akuonerera.

Kabuku anakaika m'thumba la m'mbali, pamodzi ndi pepala lija. Zipi inayenda mpaka pakati n'kukana. Anaikoka kawiri, anaisiya, n'kutuma a Wyson ku chigafa kukatenga chingwe chosokera mabelo. Anamanga chikwamacho mopingasa, mfundo ziwiri, anachinyamula pang'ono kuti amve kulemera kwake pa bala, n'kuchiika pafupi ndi chitseko.